Dzenje la pa Boneti ya Pachoko

Ku Nkhorongo, mlendo akafunsa njira ya kwa a Mhone, anthu samuvutitsa ndi manambala a nyumba. Amangoti, "Pitani mpaka muone kagalimoto kobiriwira pansi pa mtengo wa mapeyala, ndi pomwepo." Kagalimotoko n'ka mtundu wa Anglia, kakale kuposa mwana aliyense wobadwa m'nyumbamo, ndipo ana a m'deralo anakapatsa dzina loti Pachoko, kutanthauza pang'ono m'Chitumbuka, chifukwa pachitunda chilichonse kankakwera mwaulemu, mpaka wakabaza n'kukadutsa atanyamula munthu ndi thumba la makala lomwe. A Solomon Mhone dzinalo sankadana nalo. Ankati wothamanga ndi amene wachedwa kunyamuka, pomwe iwo chibadwire sanachedwepo.

Ntchito yawo inali yokonza mathirakitala kuesiteti ya tiyi ku Nkhata Bay. Atapuma anadzamanga ku Mzuzu ndi akazi awo, a Mary, amene kutchalitchi amaitanidwa kuti a NyaLongwe. Pachoko anabwera naye limodzi, ndipo ankamusamalira kuposa mmene amuna ena amasamalirira ana awo: kumusambitsa Loweruka lililonse, kumufunditsa lona kukagwa chifunga, kumupaka penti yakale ikasuluka. Koma pakati pa boneti panali dzenje, malo amene chitsulo chinalowa m'kati ngati mbale yodyera. Mvula ikagwa, mpheta zinkasambamo. Owongola magalimoto a m'tauni akaliona manja ankawayabwa, koma a Mhone ankawauza kuti wofuna kukhudza pamenepo ayambe watsanzikana ndi abale ake.

Chifukwa chake aliyense ankachidziwa, pakuti kwa a Mhone mlendo sankapatsidwa mpando asanaonetsedwe dzenje.

"Apa," ankatero uku akusisita ndi chikhatho, "ndi pamene anakhala Mary tsiku limene anandilola. Ndinaimika galimoto pamthunzi, iye n'kukhala pa boneti, ine n'kufunsa mbeta. Atangoti enya, chitsulo cha ku Mangalande chinagonja. Nanga ine wathupi ndi magazi ndikanalimba bwanji?"

Mlendo ankaseka, a Mhone n'kuseka koposa mlendoyo, ngati nkhaniyo akuimva koyamba. A NyaLongwe ankangoyang'ana kumwamba, n'kulowa m'nyumba kukatereka tiyi. Abusa anaimva nkhaniyi. Owerenga mita ya madzi anaimva. Makolo a mkazi wa Ronald, mwana wawo woyamba, anaimva tsiku loyamba kuponda pakhomopo, asanavule n'komwe majekete. Ndipo a Mhone ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akazi awo amayang'ana kumwamba chifukwa cha manyazi a chikondi. Mwamuna akakhalitsa m'banja amayamba kuganiza kuti mkazi wake anamuwerenga n'kumumaliza.

Lamulungu lina akuchokera kutchalitchi, injini ya Pachoko inakhosomola, inagogoda kangapo, kenako inangoti zii. Inali itanoka, kuferatu. A Mhone ataimasula anapeza kuti m'kati mulibenso chopulumutsa, ndipo atapita kumsika wa zitsulo kukafuna zipangizo za injini ya mtundu umenewo, anyamata ogulitsa anangowaseka. Mmodzi anawafunsa ngati akufunanso tayala la galeta la Farao. Pachoko anakankhidwira pansi pa mtengo wa mapeyala n'kukhala pamenepo miyezi, a Mhone akumupukutabe m'mawa uliwonse.

Zikanatha kukhala choncho mpaka kalekale, koma kunabwera foni yochokera ku Chikwina, kumapiri a Nkhata Bay, kwawo kwa a NyaLongwe. Akulu awo, a Esme, amene anawalera mayi awo atamwalira, maso anali akupita. Achipatala anayesa zimene akanatha. A Esme sanadandaule, anangoti, "Mary, mawu ako ndimawamva pafoni, amenewo sakundisowa. Ubwere ndidzaone nkhope yako ndikadaona."

Vuto linali bondo. Bondo la kumanja la a NyaLongwe linasiya kupindika kalekale, ndipo m'minibasi kapena m'timatakisi ta masiku ano, mmene munthu amapindidwa ngati mphasa, sakanakhalamo. Za njinga yamoto pa zitunda za ku Chikwina ndiye musanene n'komwe. Mwa Pachoko mokha ndi mmene ankayenda bwino, chifukwa a Mhone anamasula mpando wakutsogolo n'kuumangira chakumbuyo kuti mwendo uziwongoka wonse. Ronald anaimba ali ku Joni kuti makolo ake apeze galimoto ya hayala. A Mhone anamuyankha kuti mayi ake anachoka ku Chikwina pa Pachoko, ndipo abwererako pa Pachoko, mvula isanayambe. Mvula ikangoyamba, msewu wafumbi wa kumeneko umaterera ngati therere, ndipo pofika nthawi yoti uume, maso a Esme akanakhala atatseka.

Mnzawo wa pamtima anali a Blackson Makwinja, owotcherera zitsulo ku Luwinga. Kwawo ndi ku Thyolo, ndipo ngakhale akhala ku Mzuzu kuyambira ali mnyamata, Chitumbuka chawo chinathera pa yewo. Iwowa ndi amene anamva za kapikapu kamene mtengo wa paini unakagwera ku Kaning'ina n'kukathyola msana, injini n'kutsala yamoyo. Anaibweretsa pa lole yonyamula mchenga, itakulungidwa m'matumba. Itatsitsidwa pafupi ndi Pachoko, akuluakulu awiriwo anaima, kuyang'ana injini, kuyang'ana malo oti ilowemo, kuyang'ananso injini.

"Achimwene," anatero a Blackson, "ine ndabweretsa ng'ombe, koma khola lanu ndi la nkhunda."

"Ilowa," anatero a Mhone. "Mwaulemu, ilowa."

A NyaLongwe anali pakhonde, mwendo atautsamiritsa pa kampando. "Walira mvula walira matope, dada," anatero.

Matope anabweradi. Anapachika tcheni pa nthambi yaikulu ya mtengo wa mapeyala, kuikweza injini, kuitsitsira m'malo mwake, ndipo inakana isanalowe n'komwe theka. Mbali ina inagunda batire. A Mhone analisamutsira kubuti, n'kuyendetsa mawaya pansi pa mipando. Kutsogolo inagunda ladiyeta, ija imaziziritsa madzi. A Blackson anaisunthira patsogolo mpaka inatsala pang'ono kusuzumira kunja, fani yachitsulo n'kuichotsa, n'kuikapo yamagetsi yopyapyala. Giyabokosi nayo inali yonenepa, choncho anadula pansi, pakati pa mipando, n'kuwotchererapo chitsulo china chotakasuka. Paipi ya utsi inkafuna kudutsa pamene pankadutsa kale ndodo ya chiwongolero, ndipo awiriwo anakangana masana onse kuti apatuke ndani, paipi kapena ndodo, mpaka a Blackson anatopa, kuitenthetsa paipiyo n'kuikhotetsa a Mhone akulankhulabe. Injini inakwera ndi kutsika pa tcheni kambirimbiri, moti mapeyala osakhwima anayamba kugwa okha, ndipo limodzi linapeza dazi la a Blackson.

Pa mabuleki pokha sipanali mkangano. A Mhone anati injini yaikulu imakukweza phiri koma sikutsitsa, ndipo katundu amene adzanyamule ulendowu sagula kusitolo. Anasintha zonse, n'kuwauza a NyaLongwe kuti akhale pa chiwongolero aziponda ndi mwendo wabwinowo, iwo ali pansi pa galimoto akutulutsa mpweya m'mapaipi.

Nyengo yotentha itafika pachimake, injini inakhala pa timiyendo tatsopano timene a Blackson anawotcherera, m'mbali mutatsala malo osakwana kupisa dzanja. A Mhone anapotokola kiyi. Pachoko, amene moyo wake wonse ankalira ngati makina osokera, anabangula. Nkhuku za aneba zinabalalika. A Mhone misozi inalengeza m'maso, chifukwa chisangalalo cha munthu wa masipanala n'chimenecho, kumva chinthu chimene chinafa chikupumanso. A NyaLongwe anaimba nthungululu pakhonde, n'kuyamba kufunsa kuti shuga ndi sopo wa a Esme akagule liti.

Kenako a Blackson anatsitsa boneti, ndipo inakana kutseka.

Anaikanikiza, koma inagunda chinachake n'kubwerera. Anasuzumira ndi tochi ya foni, osaona kanthu. Apa a Mhone anakumbuka nzeru ya kuesiteti. Anapempha mkute wa kondowole, nsima ya chinangwa yonanda ija, n'kuumba timibulu, n'kutiika pamwamba pa injini apa ndi apo, kenako n'kutsitsa boneti pang'onopang'ono. Ataitsegula, timibulu tonse tinali bwinobwino, kupatula kamodzi kamene kanali pa chivundikiro cha injini. Kameneko kanaphwanyika n'kumatirira kunsi kwa boneti. A Blackson anaika chala pamenepo, dzanja linalo n'kulizungulitsa kunja kuti aone kuti ndi pati. Dzanjalo linagwera m'dzenje.

"Nkhani yaing'ono," anatero. "Zala ziwiri zokha. Timasule boneti, tiigoneke chagada pa tayala, timenye dzenjeli lituluke, litukuke pang'ono ngati linunda la ng'ombe. Tiyi asanazizire tatha."

"Yayi," anatero a Mhone.

"Achimwene."

"Ndati yayi. Dulani pena paliponse. Dulani denga, dulani zitseko, mudule ndi ine ndemwe. Apa pokha ayi."

A Blackson ankamudziwa mnzawo, kuti akati yayi ndiye kuti wakhoma msomali n'kuupinda. Anayesa njira zina. Anatsitsako injini pa timiyendo take, boneti n'kutseka, a Mhone n'kuvina. Koma atapita kukayesa, pa hampu yoyamba ya msewu wa ku Luwinga, mphika wa oyilo wa kunsi kwa injini unakhula pansi ndi phokoso limene linatembenuza ophunzira onse amene ankadikira minibasi. Anabwerera oyilo akudontha, kukamata mphikawo, n'kuikwezanso injini. Anayesa kuyenda opanda boneti. Wapolisi wa pamsewu, mtsikana waulemu wake, anawaimitsa n'kufunsa kuti, "Monire adada, kodi galimoto yaiwala malaya?" n'kuwabweza. Anayesa kuimanga boneti ndi malegeni, ili kukamwa yasa. A NyaLongwe ataona anati iwo sangakafike kwawo pa galimoto yoyasamula, anthu angati yatopa ndi eni ake.

Masabata ankapita. Kum'mawa mitambo inayamba kuunjikana masana, ndi mabingu akutali. Shuga ndi sopo wa a Esme zinali m'katoni pakhomo la kuchipinda, ndipo a Mhone ankapunthwapo tsiku lililonse. Kenako a Esme anaimbanso. A NyaLongwe atatsitsa foni sanaseke ngati masiku onse. Anangoti akulu awo tsopano anthu akuwazindikira ndi mtundu wa chitenje, ndipo nkhope akuiona ikakhala pafupi kwambiri. A Mhone zinawapweteka, chifukwa ankadziwa bwino lomwe kuti chotseka njira si phiri, si bondo, koma iwo amene. Mapanga awiri avumbwitsa, mwambiwo ankaudziwa. Komabe akapita pa boneti n'kuika chikhatho m'dzenjemo, mtima unkakana.

M'mawa wina anapita m'tauni kukafuna chivundikiro cha injini chachifupi, chimene aliyense anali atawauza kale kuti kulibe. Anazungulira msika wonse n'kubwerako chimanjamanja. Atalowa pageti anapeza boneti ili chagada pa tayala lakale, pakati pa bwalo. A Blackson anali chapatali, akuyang'ana mapeyala ngati sanawaonepo. A NyaLongwe anali chilili pambali pa boneti, chitenje atamanga m'chiuno, munsi uli m'manja.

"Sindinamenye," anatero. "Ndimadikira inu. Chinthu cha m'nyumba saphwanya mwini wake kulibe."

"A Blackson, mwandigulitsa."

"Ine ndangomasula mabawuti, achimwene. Alamu atagwira munsi, munthu ungakane?"

A Mhone anakhala pa chigubu. Mawu anatuluka otsika. "Mary, tamverani. Tonse takula, ndipo tsiku lina mmodzi adzatsogola. Mukadzatsogola ndinu, ine ndidzatsala ndi chiyani? Zithunzi zija chiswe chinadya kuesiteti. Apa ndi pokhapo pamene ndimagwira n'kumva kuti tsiku lija linalikodi."

A NyaLongwe anawayang'ana nthawi yaitali. Maso awo anafewa, koma munsi sanautule.

"Dada, ine ndilipo. Ndili pano ndi bondo langa lomwe. Mukafuna kugwira, gwirani ine. Amene akupita ndi maso a Esme." Anapuma kaye. "Ndipo poti mwayamba ndinu, lero ndinene. Zaka zonsezi mwakhala mukuuza abusa, apongozi, ndi owerenga mita omwe, kuti ine ndinapinda chitsulo ndi pokhalira panga. Azimayi a Umanyano, gulu lathu la kutchalitchi, akafuna kundipatsa mpando amayamba augwedeza kaye. Ine nthawi imeneyo ndinali ngati bango, mphepo inkandikankha. Dzenjeli si langa."

"Nanga n'landani?"

"Ndi lanu. Nditati enya, munaponya chipewa m'mwamba, munalumpha ngati kamwana ka mbuzi, n'kudzagwera pa boneti pambali panga, phi. Ine ndinakhala m'mphepete umu. Taonani pamene pali dzenje. Mtsikana woleredwa bwino angakhale pakati pa boneti?"

A Blackson anakhosomola n'kutembenukira kumpanda, mapewa akugwedezeka.

"Bodza," anatero a Mhone ataimirira. "Ine sindinalumphepo chibadwire. Ndinali munthu wa tayi."

"Tayiyo inagwera kumsana."

"Nanga bwanji simunanene zaka zonsezi?"

"Munkasangalala chomene mukamafotokoza. Ndinkati ndinena mawa."

"Mboni ilipo?"

"Esme analipo. Mukuganiza akanandisiya ndekha ndi mnyamata wagalimoto? Anakhala pa chitsa chapatali akusenda chinangwa, ndipo anaona zonse."

"Tiwaimbire pompano."

"Yayi. Nkhani ya m'banja sakambira pafoni. Mukawafunse pamaso."

A Mhone anayang'ana boneti, anayang'ana akazi awo, anayang'ana mitambo ya kum'mawa. Msampha anauona bwinobwino, mmene unatcheredwera ndi pamene panali nyambo, ndipo chodabwitsa n'chakuti mtima wawo unapepuka. Munthu wouma mutu sasowa kukankhidwa, amangofuna khomo loti atulukirepo mapewa ali m'mwamba, ndipo akazi awo anali atawatsegulira.

"Chabwino," anatero. "Menyani. Koma mudziwe kuti sindinagonje. Ndikupita kukatsuka dzina langa."

Anawerama, n'kupisa dzanja pansi pa boneti kusisita dzenje komaliza. Kenako a NyaLongwe anakweza munsi. Bondo linali lofooka, koma mikono inali ya mwana wa ku Chikwina, wokulira pa mtondo wa chinangwa. Atamenya koyamba chitsulo chinalira ngati belu la kusukulu, a Mhone n'kutsinzina. Atamenyanso chinati bho, n'kutembenukira kunja. A Blackson ankalozera ndi choko, apa alamu, apanso pang'ono, ndipo a NyaLongwe ankamenya mosafulumira, atayambitsa kanyimbo ka pamtondo, nkhope ikuwala, moti aliyense akanaona kuti ntchitoyi anayamba kuilakalaka kalekale. A Mhone anaima kaye ngati ali pamaliro. Koma umakaniko ndi matenda osachira. Posakhalitsa anamveka akuti, "Osati apo, cha kumanzere," ndipo anawalanda choko a Blackson.

Atasalaza ndi kahamala, anaibwezera boneti pamalo pake. Anaikanso timibulu ta kondowole, kutsitsa boneti, ndipo inatseka ndi kamawu kakang'ono, kha. Timibulu tinatuluka tosakhudzidwa. Pamene panali dzenje tsopano panali linunda, penti itang'ambikang'ambika, ndipo mpheta za ku Nkhorongo zinayenera kukafuna bafa kwina.

Ananyamuka m'mawa patangopita masiku ochepa, kumwamba kutada kale. A Mhone anavala tayi. A NyaLongwe anakhala kutsogolo mwendo uli tambalale, ndipo a Blackson anadzipinda kumbuyo ndi katoni ya shuga ndi bokosi la masipanala, ati kuperekeza ntchito ya manja awo, pomwe zoona zake ankafuna kukamva mlandu. Anadutsa m'tauni anthu akutembenuka, chifukwa maso ankaona Pachoko koma makutu ankamva galimoto ina. Anadutsa Kaning'ina n'kuyamba kutsetsereka m'makhota a msewu wa ku Nkhata Bay, mabuleki akugwira bwino. Atasiya tala n'kulowa msewu wafumbi wokwera, a Mhone anaponda moto mwachizolowezi, mpaka pansi, kuiwala kuti pansi pa boneti pali ng'ombe. Pachoko analumpha. Anadutsa njinga yamoto pachitunda, chinthu chimene sanachitepo, ndipo mnyamata woyendetsa njingayo anatsala kukamwa kuli pululu.

"Dada," anatero a NyaLongwe atagwira chitseko, "tikupita kukaona Esme, osati Ambuye."

A Mhone anachepetsa liwiro, koma kumwetulira sanachepetse. Timadontho toyamba tinagwa pa galasi akuona kale denga la nyumba ya a Esme pakati pa nthochi.

A Esme anali pakhonde, mutu ataupendeketsa kumvetsera. Galimoto itaima, a Mhone anathamangira kukatsegula chitseko, ndipo a NyaLongwe anatsika pang'onopang'ono, mwendo wowumawo patsogolo. Sanadikire za odi. A Esme anaimirira, anawagwira masaya ndi manja awiri, n'kuwatembenuzira kowala, n'kubweretsa nkhope yawo pafupi mpaka mphuno zinatsala pang'ono kugundana. Anayang'ana nthawi yaitali, kuyambira pamphumi mpaka pachibwano.

"Ndiwe," anatero. "Wakalamba, Mary. Koma mphuno ndi ya amama, sinasinthe."

Analira onse awiri, n'kuseka, n'kuliranso. A Mhone anaima poteropo, chipewa chili m'manja, ndipo anachita manyazi aakulu kuti anatsala pang'ono kuwamana anthu awiriwa zimenezi chifukwa cha chitsulo. A Blackson ankamina mphuno kuseri kwa katoni.

Atalonjerana, a Mhone anakonza tayi n'kukhosomola, kukonzekera kutula mlandu wawo. Koma a Esme anawatsogolera mawu.

"Timuwoneni, alamu. Yewu ukongwa pondibweretsera mwana wanga. Koma mwabwera pa galimoto ya yani? Yanu ija ndimaidziwa kaliridwe kake. Iyi ndimayesa lole ya nthochi."

"Ndi yomweyo, alamu. Tangoisintha mtima."

"Tandiperekezani ndiigwire."

A NyaLongwe anawagwira dzanja mpaka pagalimoto. A Esme anasisita nyali, anasisita galasi, akugwedeza mutu movomereza. Kenako chikhatho chinayenda pa boneti, molunjika pakati, ngati chikudziwa kumene chikupita. Chinakwera linunda n'kuima. Chinafufuza kumanzere, chinafufuza kumanja, chinabwereranso.

"Mary," anatero, "dzenje la a Solomoni lili kuti?"

Madontho ankagwa pa boneti yotentha n'kuuma pomwepo.

"La ndani, alamu?" anafunsa a Mhone ndi kamawu kakang'ono.

"Lanu. Lija munagwera mutalumpha, tayi ili kumsana. Ine mpeni unagwa m'manja ndi kuseka. Kuno tonse timalitchula choncho, ngakhale ana obadwa dzulo. Mnyamata akasangalala kwambiri pofunsira, timamuuza kuti usachite za a Solomoni."

A Blackson anaika katoni pansi n'kukhala pomwepo akuseka. A Mhone anayang'ana linunda. Ndipo pang'onopang'ono chinachake chinabwerera, chipewa chikuzungulira m'mwamba, nthaka ikuthawa kumapazi, chimwemwe chimene sichinkakwana m'thupi la mnyamata wa tayi. Anaseka mpaka anagwira galimoto kuti asagwe.

Mvula inatsika yeniyeni, ndipo onse anathawira pakhonde. A Blackson anayang'ana msewu ukusanduka matope, n'kufunsa kuti abwerera bwanji. A NyaLongwe anati iloleni igwe, iwo alibe changu. Mkulu wina wa pafupi, atamva kuti kwabwera alendo, anafika atafunda tsamba la nthochi kudzapereka moni. Asanapatsidwe mpando, a Mhone anamugwira dzanja n'kumukokera pamvula pomwepo.

"Bwerani muone, dada. Apa ndi pamene ndinagwera ine tsiku limene Mary anandilola. Chitsulo cha ku Mangalande chinagonja. Ndipo linunda mukulionali anamenya ndi iye, ndi munsi, kuti injini ikwane."

Ulendo uno a NyaLongwe sanayang'ane kumwamba. Anali atakhala pamphasa, nkhope yawo ili pafupi ndi ya akulu awo, ndipo a Esme anali akuiyang'anabe.